Amayi Anu Ali Kumchira kwa Filimu

Tiyamike, mwana wanga woyamba, unandifunsa funso tsiku la ukwati wa mlongo wako Fatsani, anthu akukankhana kujambulana ndi mafoni. Unati, "Ababa, Kasungu yense munamujambula, ndi agalu omwe. Nanga chithunzi cha amayi chili kuti?" Ine ndinayankha kuti chinadyedwa ndi chiswe. Unandiyang'ana monga umayang'anira odwala ako aja amene amalumbira kuti mankhwala akumwa pamene anawataya m'chimbudzi. Chiswe ndachinamizira zambiri pa moyo wanga ndipo sichinadandaulepo, koma pa nkhani iyi chilibe mlandu. Chithunzi cha amayi anu chilipo, chimodzi chokha, ndipo sichinatsikirepo pa pepala. M'mutu uno ndikuuzani nonse awiri mmene zinakhalira. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho pamene cholembera chaterereka mukonze nokha. Ndicho chifukwa ndinakutumizani kusukulu.

M'zaka za m'ma 1970, Kasungu boma

Ntchito yojambula sindinaifunefune, inandipeza nditachotsedwa ina. Ndinali wosankha fodya pa esiteti ina, ndipo kapitawo anandipezerera ndikuyenda monga iye, mimba patsogolo, anzanga ali gubudugubudu ndi kuseka. Tsiku lomwelo ndinapinda bulangete langa. Nditafika pa boma ndinalowa mu situdiyo ya a Chisale kuti andijambule kachithunzi kofunsira ntchito kwina. A Chisale anali munthu wamfupi, wovala tayi ngakhale m'chitentho cha Okutobala, ndipo ntchitoyi anakaiphunzira ku Halale. Anandiyang'ana manja, nkhope osaiona n'komwe.

"Manja awa amasankha fodya?"

"Eya, bwana."

"Ndiye kuti maso ako amasiyanitsa chakuda ndi choderako. Mdima umauopa?"

"Ndimaopa apongozi okha, bwana, koma sindinakwatire."

"Ubwere mawa. Pakamwapo ukasiye kunyumba."

M'mawa mwake ndinabwera, pakamwa ndili napo.

Kuseri kwa chinsalu chimene anthu ankaimirira patsogolo pake pojambulitsa, chija chojambulidwa nyumba yosanja ndi ndege, kunali kachipinda kopanda zenera. Mmenemo munaima makina amene a Chisale ankawatchula ndi ulemu wonse kuti enilaja, okulitsira zithunzi. Mwendo umodzi wautali wachitsulo, mutu pamwamba woweramira pansi, ngati kakowa akudikira nsomba padambo. Ine ndinangowatcha Kakowa, ndipo dzinalo linamata mpaka a Chisale eni ake ankalitchula akaiwala ubwana. M'mutumo muli babu. Pansi pa babu pali polowetsera negetivi, kaja kafilimu kotsuka kale, ndipo pansi pake pali diso lagalasi. Babu likayaka, kuwala kumadutsa mu negetivi ndi m'disomo n'kugwera pa thabwa loyera. Mukakweza mutu munthu amakula, mukautsitsa amachepa. Ndinawauza a Chisale kuti makina amenewa akanakhala ku esiteti, kapitawo uja ndikanamutsitsa mpaka akwane m'bokosi la machesi. Sanaseke. Anandipatsa ndowa kuti ndikatunge madzi.

Mwezi wachitatu tinasamukira m'nyumba ina pafupi ndi msika, ndipo pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuimika Kakowa kuyambira pansi. Choyamba ndi mdima. Tinakhoma mabulangete awiri pachitseko ndi ziguduli za fodya m'mipata ya denga, kenaka a Chisale ananditsekera mkati nati ndikhale mpaka maso azolowere. Poyamba ndinati mdima wakwana. Nditakhala pang'ono, timabowo ta misomali m'malata tinayamba kuwala ngati nyenyezi, ndipo ndinatha tsiku lonse ndikutimata ndi phula. Chachiwiri ndi tebulo. Lisapendekeke, lisagwedere. Ankaika kambale ka madzi pa thabwa n'kuona ngati madzi akhala molingana, akapendekera kwina timapisa kachipepala pansi pa mwendo. Chachitatu, chipinda chili ndi mbali ziwiri ngati tchalitchi cha kwathu, amuna uku akazi uko. Kumanzere kouma, kwa Kakowa ndi mapepala. Kumanja konyowa, kwa mabeseni atatu: loyamba la mankhwala otulutsa chithunzi, lachiwiri la madzi a viniga oimitsa, lachitatu la mankhwala okhazikitsa kuti chisathawe chikaona dzuwa. Dzanja lonyowa likakhudza kouma, a Chisale ankalimenya ndi rula, ndipo mumdimamo sankaphonya.

Negetivi imalowa mbali yonyezimira ili m'mwamba. Muuzire kaye fumbi, chifukwa kafumbi ka Kasungu kakakhala pa negetivi kamatuluka pa chithunzi ngati chipere pamphumi pa mkwatibwi. Muzimitse getsi loyera, muyatse lofiira limene pepala sililiona. Diso la Kakowa mulitsegule lonse, mupotokole kachitsulo ka m'mbali pang'onopang'ono mpaka tsitsi la munthuyo lioneke limodzilimodzi, ndiye mulitsinzinitse kawiri. Lole ya fodya ikamadutsa pamsewu mudikire, chifukwa nyumba imanjenjemera ndipo munthu amatuluka ndi mphuno ziwiri. Nthawi ya kuwala a Chisale ankaiwerenga ndi wotchi. Ine wotchi ndinalibe, ndiye ndinkawerenga ndi masiteji a basi ya ku Lilongwe: Chinkhoma, Bua, Madisi, Mponela, Lumbadzi. Chithunzi chaching'ono chinkatsikira pa Mponela. Chachikulu chinkapita ku Lumbadzi n'kubwerera.

Panali malamulo awiri amene ankawanena tsiku lililonse ngati pemphero. Loyamba: usaike pepala lathunthu usanayese. Umadula kalamba kakang'ono ka pepala, n'kukaunikira pang'onopang'ono uku ukusuntha katoni, kuti uone nthawi imene ikuyenera. "Kalamba ndi kamene kamafera mnzake," ankatero. Lachiwiri linali la nkhope zathu. Mapepala amenewa anawapanga anthu amene sanationepo. Mzungu wa ku Lifupa, wobwera kudzaona njovu, ankatuluka yekha popanda kumunyengerera. Koma mlimi wa kuno wavala malaya oyera a ku tchalitchi, waima padzuwa, ukangomusiya malaya amatuluka bwino, nkhope n'kusanduka khala. Ndiye umatenga kawaya, kunsonga n'kumata kakatoni ngati ndalama yachitsulo, n'kumagwedeza pamwamba pa nkhope kuti kuwala kusaipsereze. Ukagwedeza bwino palibe amene amadziwa kuti panadutsa dzanja. A Chisale ankati aliyense angathe kujambula malaya, koma anthu sabwera kudzatenga malaya.

Chimene chimandikomabe mpaka lero ndi beseni loyamba lija. Pepala limalowa loyera, ukuligwedeza m'kuwala kofiira, palibe kanthu, palibe kanthu, kenaka maso amayamba, nsidze, kenaka munthu yense akukwera kuchokera pansi pa madzi. Ndachita zimenezi zaka zoposa makumi awiri ndipo palibe tsiku limene sindinamupatse moni munthu wotulukayo.

Tsono mumve za mchira. Filimu imodzi inali ya zithunzi 36, ndipo zonsezo zinali za bwana, ankaziwerenga yekha akaziyanika. Koma wodziwa kukoka filimu mwaulesi amapeza kena kamodzi kumapeto, nthawi zina kathunthu, nthawi zina kodukira. Mwambo wa ojambula tonse unali wakuti kakumchira n'ka wojambula, bwana alibe nako mawu. Anzanga ankajambulapo makolo awo. Ine michira yanga inathera pa mbuzi ya a Chisale itavala chipewa chawo, ndi pa amuna a pa mowa amene ankandigulira chipanda kuti ndiwajambule atagwira wailesi ya eni ake.

Kumayambiriro kwa ma 1980, Nkhamenya

A Chisale atagula Kakowa wina watsopano, wakaleyo anandipatsa nati ndikatsegule nthambi ku Nkhamenya, kumene kunali maukwati ambiri, maubatizo, ndi atsikana a sukulu ofuna zithunzi zotumiza kwa makolo, monga ankanenera eni ake. Kumene ndinapeza nyumba kunalibe magetsi. Ndinachotsa babu la Kakowa n'kuikamo la galimoto, n'kulumikiza ku batire la lole. Dalaivala wina wa pa esiteti ankanditchajira, malipiro ake kunali kumujambula atatsamira lole ngati yake. Batire likamafooka, chithunzi cha pa Mponela chinkafika ku Lumbadzi, ndipo tsiku lina ndinafika mpaka ku Dedza.

Amayi anu, Nyachirwa, ankagulitsa zitumbuwa moyang'anana ndi khomo langa. Chichewa chawo chinali chokwera kumapeto monga amalankhulira a kumpoto, ndipo akakwiya chinkathawiratu n'kutsala Chitumbuka chokha. Tsiku loyamba ndinawauza kuti munthu wokongola chotere ndimujambula ulere.

"Ulere wake uti? Wa kumchira uja mumajambulira mbuzi?"

Sindikudziwa amene anawauza. Nkhamenya ndi yaing'ono.

"Kumchira n'kumene kumakhala mafuta, chemwali."

"Yayi. Ine sindine wa kumchira. Mukafuna, mundijambule pakati penipeni pa filimu, monga mumachitira akazi a aphunzitsi."

"Pakati m'pa bwana."

"Ndiye akandifunsire bwanayo."

Ndinawakwatira chaka chotsatira. Pa ukwati wathu panalibe wojambula, chifukwa wojambula wa dera lonselo anali atavala jekete yobwereka, akutuluka thukuta kutsogolo. Mkangano wa mchira tinalowa nawo m'banja ndipo unakhala ngati mwana wathu woyamba, iwe Tiyamike usanabwere. Ndikabwera ndi kamera kunyumba iwo ankafunsa kuti yafika pa nambala yanji. Ndikati yatha, kwatsala kakumapeto, ankadziphimba kumutu ndi chitenje. Musaganize kuti sindikanatha kuwapempha a Chisale chithunzi chimodzi cha pakati. Akanandipatsa. Koma masewerawo ankatikomera tonse awiri, ndipo tinali anyamata, timaganiza kuti nkhope ndi chinthu chimene chimakhalapo tsiku lililonse. Kujambulitsa kwa wina ankakana. "Mwamuna wanga ndi wojambula, ndiye ndikamwetulire mwamuna wa eni?" Inu ana ndinakujambulani, muli m'chimbale chija. Dzanja limene lakugwira paphewa, Fatsani, pa chithunzi cha ubatizo wako, ndi lawo. Anasuntha dala kuti nkhope isalowe.

Chaka china, nyengo yothyola fodya, tinapita kukathandiza alamu anga. Ine ndinali nditachokera ku ukwati, kamera ili pakhosi, kakumchira katsala. Amayi anu anakhala pansi pa chigafa ndi akazi anzawo, akusoka fodya, masamba ali pamiyendo. Wina ananena chinachake, iwo n'kutembenuka. Ndinadina ndili kuseri kwa ngolo. Sanamve. Nditatsuka filimu ndinapeza kuti kalowa, ngakhale mbali ina kanalumidwa ndi chopanira choyanikira. Ndinakadula, n'kukakulunga m'pepala losalala, osauza munthu. Maganizo anga anali akuti ndidzakatulutse kakakulu, pa pepala lija la zithunzi za mabwana, ndidzakaike m'felemu, ndidzakapachike iwo ali kumsika, kuti ndidzaone ngati adzakane kuti wa kumchirayo si wokongola. Pepala lalikulu ndinapatula limodzi, n'kulibisa m'envulopu yakuda pansi pa bokosi. Ndinkadikira felemu yabwino. Kenaka ndinkadikira Khirisimasi. Kenaka Khirisimasi ina.

Chaka chimene mapepala anasowa, Kasungu boma

A Chisale atadwala miyendo anandiitanitsa ku boma kuti ndigwire situdiyo yaikulu, ndipo tinasamuka tonse. Apo n'kuti zithunzi za kala zitafika. Anyamata a njinga ankajambula anthu m'misika n'kutumiza mafilimu pa basi ku Lilongwe, kumene makina ankatsuka okha popanda munthu wopatsa moni aliyense. Sitolo imene tinkagulako mapepala athu inayamba kunena kuti abwera mwezi wamawa. Tinayamba kudula mapepala pakati, kenaka panayi. Mankhwala otulutsira ndinkawasunga m'botolo mpaka afiire ngati tiyi. Pofika mwezi wa Seputembala bokosi linali lopanda kanthu, kupatula envulopu yanga ija, imene ngakhale a Chisale sankaidziwa.

M'mawa wina ndinapeza mayi atakhala pakhonde la situdiyo, mapazi oyera ndi fumbi. Anati ndi Nabanda, wachokera ku Njombwa, ananyamuka kusanache. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kachithunzi kothetheka, ka anthu oposa makumi awiri ataima pa mabelo a fodya. Kumbuyo kunali chidindo chathu.

"Akuti munajambula ndinu, bambo."

"Ndine, mayi. Chaka chatha, pa esiteti."

"Uyu apa, wachitatu kumbuyoku, ndi mwana wanga Yohane. Anapita ndi lole ya fodya, inagubuduzika. Anamuika komweko, ine ndinamva patapita sabata." Analoza ndi chikhadabo, ndipo chikhadabocho chinaphimba mutu wonse. "Maso angawa sakumuona. Akuti muli ndi makina otulutsa munthu pagulu."

Ndinawauza kuti makina alipo koma mapepala anatha dziko lonse. Anagwedeza mutu, nati zikomo, koma sananyamuke. Anangokhala, akusalaza kachithunziko pabondo. Ndinalowa mkati, ndinasesa posafunika kusesa, ndinatuluka, ali pomwepo. Ndinalowanso n'kuyamba kufufuza m'mabokosi a manegetivi, ndikupemphera kuti ndisaipeze. A Chisale ankasunga zinthu mwadongosolo lonyansa. Ndinaipeza msangamsanga.

Ndinawerengera motere: pepala ndi lalikulu, ndilidula pakati. Theka la Yohane, theka la Nyachirwa. Amayi anu achepako pang'ono, koma anali aafupi kale. Ndinatseka chitseko, ndinayatsa lofiira, ndinadula. Kuti mutu waung'ono ngati njere ya mapira ukule, ndinakweza Kakowa mpaka kumapeto kwa mwendo wake. Mnyamatayo anabwera pa thabwa, malaya ndi chipewa. Apa m'pamene ndinachita chimene ndikulembera mutu wonsewu. Kalamba koyesera kanayenera kuchoka pa theka lina, ndipo ine sindinafune kudula la amayi anu ngakhale chala chimodzi, la Yohane nalo ndinaliona kuchepa. Ndinati zaka zonsezi, ine Mbewe, ndingalephere kuyeza ndi maso? Ndinaika pepala, ndinayatsa, ndinapita ku Lumbadzi n'kubwerera kawiri, kawaya ndikugwedeza mwachizolowezi. Koma mnyamatayo anaima kumbuyo, mthunzi wa chipewa uli kumaso, ndipo ankafunika kutchingidwa pafupifupi nthawi yonse. Kalamba kakanandiuza zimenezo. Mu beseni munatuluka malaya oyera bwino, mabatani onse, chipewa, ndipo pakati pake mdima.

Ndinachitsuka, ndinachiumitsa, ndinatuluka nacho. Sindibisa, ndinkafuna kuti achilandire azipita. Mayi aja anapukuta manja pa chitenje, anachigwira m'mbalimbali, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa.

"Ndi yemweyo," anatero. "Malayawa ndinamugulira ndine, pa msika wa kwathu. Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni."

Anayamba kuchikulunga m'chitenje. Akanakhala wokalipa ndikanalimba mtima, ndikanati makina ndi makina. Koma anathokoza, ndipo anali akudzuka kuti ayende ulendo wonse uja atanyamula malaya.

"Mayi, tabweretsani. Chimenecho n'choyesera chabe."

"Si chimenechi?"

"Ayi, timayamba tayesa. Khalani pansi pang'ono."

Ndinabwerera mumdima. Ndinaima nthawi yaitali, theka lotsala lili m'manja. Ndinadziuza kuti Nyachirwa ndili naye kunyumba, ndimamuona m'mawa ndi madzulo, mapepala abwera mwezi wamawa. Ndinadula kalamba, ndinayesa monga anandiphunzitsira, ndinaona pamene ndinalakwa. Kachiwiriko nkhope ndinaitchinga kuyambira pa Chinkhoma mpaka pobwerera, n'kuisiyira kuwala pang'ono pokha kumapeto. Mu beseni munayamba maso. Anali mnyamata wa mpata kumano, ndipo diso limodzi anatsinzina chifukwa cha dzuwa. Ndinamupatsa moni.

Mayi aja atachiona sananene zikomo. Anakhala pansi pa simenti, anachiika pamiyendo, n'kuyamba kulankhula naye motsitsa, kumufunsa chifukwa chake sanatsanzike. Ine ndinalowa mkati kukatsuka mabeseni.

Nditaweruka ndinapeza amayi anu pakhonde akuswa mtedza, inu muli kosewera. Ndinawauza zonse, chifukwa ndinali nditalemedwa. Anasiya mtedza.

"Imani kaye. Mwati munandijambula?"

"Kalekale, ku chigafa kwa alamu."

"Pakati kapena kumchira?"

"Nkhani yake si imeneyo, Nyachirwa. Ndikunena za mayi wa ku Njombwa."

"A Mbewe, pakati kapena kumchira?"

"Kumchira."

Chichewa chinathawa. Zimene ananena m'Chitumbuka sindilemba, ana inu mumawalemekeza amayi anu. Anandigenda ndi makoko a mtedza. Atatopa anafunsa ngati mayi uja anadya kanthu asananyamuke, ndipo nditati sindinaganizeko, anandikalipiranso kuposa poyamba. Za pepala anangoti, "Mukanamusiya apite ndi malaya, bwenzi mukugona panja." Kenaka anati akufuna akadzione.

M'mawa mwake, inu mutapita kusukulu, anavala chitenje chatsopano ngati akupita kukajambulitsa, n'kunditsata ku situdiyo. Zaka zonsezo anali asanalowepo m'kachipinda kaja, ankati m'mene mumalowa mwamuna n'kudzitsekera masana simulowa mkazi wabwino. Ndinatseka chitseko, ndinalowetsa negetivi, ndinayatsa Kakowa. Muyenera kudziwa kuti pa thabwa, pepala lisanagwire ntchito yake, zonse zimaoneka mosemphana. Choyera chimada, chakuda chimayera. Ndiye panabwera mkazi wa nkhope yoyera mbuu, mano akuda bii, atakhala pakati pa masamba otuwa.

Anandigwira mkono. "Mfiti iyi ndani?"

"Ndi imene ndinakwatira."

Anaseka mpaka tebulo linagwedera, ndipo mfitiyo inanjenjemera pa thabwa. Kenaka anaika dzanja lawo pansi pa kuwala, nkhope ija n'kugwera pa chikhatho chawo.

"Ndinali wowonda," anatero. "Duku ili linapita kuti?" Anayang'anabe. "Mapepala akabwera munditsuke bwino, mumve. Musandidetse ngati mwana wa eni uja. Ndipo muchite nokha, asandigwire a ku Lilongwe."

"Ndichita ndekha."

"Koma anthu musawauze kuti n'kumchira."

Mapepala sanabwere mwezi wamawa. Mvula itayamba amayi anu anadwala mutu ndi malungo, ndipo zotsalazo mukuzidziwa, munalipo, ngakhale iwe Fatsani unali wamng'ono. Sipanathe sabata. Chaka chotsatira a Chisale anatseka situdiyo. Anandifunsa chimene ndikufuna kutengapo, ndinati Kakowa wakale uja. Anati, "Ukamudyetsa chiyani?" Ndinamunyamula pa njinga.

Chaka chino

Ndinafunsa mapepala kulikonse kumene ndinamva kuti kuli munthu wa ntchito yathu. Wina ananditumizira paketi yotsala, koma inali itaona kuwala, pepala lililonse linada lokha mu beseni. Pambuyo pake ndinaleka kufunsa. Ndikudziwa kuti masiku ano kuli makompyuta amene angatembenuze negetivi nthawi imene munthu amatenga kuyetsemula. Ndakhala ndikudziwa zaka zambiri, sindine wotsalira monga mumaganizira. Koma ndinalonjeza kuti ndichita ndekha, ndipo kukuuzani inu kukanatanthauza kuvomera kuti ndalephera, ndi kuulula za kalamba kaja. Munthu wonyada amasankha kunamizira tizilombo.

Kachipinda kakumbuyo kamene mumati ndimasungiramo zitsulo zopanda ntchito, kaja ndimakhoma ndi loko, ndi m'mene muli Kakowa. Tebulo ndinaliyeza ndi kambale ka madzi. Lamulungu ndikabwera ku tchalitchi, magetsi akakhalapo, ndimatseka chitseko n'kuyatsa. Amayi anu akaonekera pa thabwa, ndimawauza za inu, za mitengo ya feteleza, za amene wamwalira. Sayankha, zimene ndi zachilendo kwa iwo.

Tsono vuto ndi ili. Ng'ala yandigwira maso onse awiri, iwe Tiyamike unaona wekha. Chaka chatha ndinkapotokola kachitsulo kaja mpaka ulusi wa duku uoneke. Tsopano ndimapotokola uku, ndimapotokola uko, pa thabwa pamangokhala mtambo. Ngakhale wina atabwera lero ndi bokosi lathunthu la mapepala, sindingathenso. Lonjezo lija landikanika, ndipo ndikadzakumana nawo ndikayankha ndekha, Chitumbuka chake ndachizolowera.

Negetivi ili m'kachitini ka mafuta opaka nsapato, pamwamba pa khoma la kachipindako, kumanja kwa chitseko. Muigwire m'mbali, musaipukute ndi nsalu. Mupite nayo ku makompyuta anuwo, mutulutse zitatu, china chikhale changa ngakhale sindichiona. Wochitayo mumuuze kuti nkhope asaidetse, ndipo za kumchira sizikumukhudza.

Koma musanapite nayo, mubwere nonse awiri, masana, tsiku la magetsi. Ndidzatseka chitseko, ndidzailowetsa ndekha, zimenezo manja akudziwabe. Mmodzi wa inu adzagwire kachitsulo n'kupotokola pang'onopang'ono mpaka maso awo aoneke, ndipo mudzandiuze zimene mukuona. Ine ndimakumbukira kuti pa chithunzipo akuseka. Koma papita nthawi ndikuyang'ana mtambo, ndipo sindikudziwanso ngati ankasekadi, kapena anangotembenuka kuti aone amene wabisala kuseri kwa ngolo. Mudzandiuze zoona, musadzandinamize monga ndinakunamizirani ine.